Zamveka m'tauni: dayisi ilibe ngongole ndi munthu

Mitengo ya zinthu ikadali pomwe inali, ndiye kuti kumwamba, ndipo za ndale anthu ayamba apumira kaye. Nkhani imene yagwira dera lathu masabata ano ndi ya mwayi. Woyambitsa ndi mtsikana wina amene wabwera kutchuthi atamaliza chaka choyamba ku yunivesite, komwe amuphunzitsa statistics. Akuthandiza azakhali ake kugulitsa pa okala ya pafupi ndi siteji, ndipo poti okalayo ili pakati pa babashopu, saluni ndi shopu yobetcherako mpira, palibe mkangano umene ukumudutsa. Anyamata a kabaza amupatsa kale dzina loti Aprofesa. Mwini wake sakulikana.

Sikisi ya madala

Zinayambira pa ludo. Kuseri kwa babashopu, pansi pa mtengo wa mango, pamakhala bolodi yomwe mitundu yake inafufutika kalekale, ndipo dayisi amaikhutchumulira m'kabotolo ka mafuta odzola. Tsiku limenelo madala ena opuma pantchito anaponya maulendo 9 osaona sikisi. Anzawo anali atazungulira theka la bolodi, iwo ana awo onse anayi akadali m'nyumba. Anauzira mpweya m'kabotolo, anasintha dzanja, kenako anayamba kuyang'ana mnzawo wa pambali ndi diso lofiira.

"Amwene, dayisi iyi mwaichita chiyani?"

"Limbani mtima, madala. Yakana nthawi yaitali, apa ndiye yatsala pang'ono kugwa."

Aprofesa ankadutsa ndi kreti ya zakumwa. Anaitula pansi n'kunena mwaulemu kuti, "Pepani agogo, dayisi ilibe ngongole ndi inu. Sikudziwa n'komwe kuti mwaponya kangati."

Anang'amba katoni ya sopo n'kulembapo manambala 1 mpaka 6, pambali pa iliyonse n'kuika 1/6. Akuti nambala imene igwe palibe akuidziwa, ndipo nambala yotere kusukulu amaitcha random variable. Koma zonse zimene zingagwe zimadziwika, mwayi wa chilichonse umadziwikanso, ndipo ukaphatikiza mwayi wonsewo umakwana 1 ndendende. Tebulo limenelo ndiye probability distribution. Kuponya kwachikhumi mwayi wa sikisi ndi womwe uja wa kuponya koyamba. Ndipo kukhala maulendo 9 osaiona si ufiti ayi: mwa osewera asanu alionse, pafupifupi mmodzi zimamugwera. Ngakhale pa maulendo 6 okha, munthu mmodzi mwa atatu amakhala asanaione.

Madala anamvetsera mpaka pomwe mtsikanayo ananena kuti ukaponya kambirimbiri n'kugawa bwino, kuponya kulikonse kumabweretsa 3.5. Apa anavula magalasi. "Mwana wanga, ndinayamba ludo bambo ako ali pamsana. Dayisi yolembedwa 3.5 sindinaionepo."

Anthu anaseka, koma nkhani inafalikira. Mphunzitsi wina wa kusekondale anawonjezera yake pa chiwaya madzulo ake: akuti mu 1913, kunyumba ya njuga ya ku Monte Carlo, kampira ka roulette kanagwera pakuda maulendo 26 otsatizana. Anthu anakhuthula ndalama zankhaninkhani pofiira, aliyense akuti ulendo uno ndiye pofiira basi. Ankaganiza ngati madala athu, kungoti iwo anali atavala masuti.

Ana aakazi anayi

Kusaluni nkhani yake ndi ya mayi wina amene ali ndi ana aakazi anayi ndipo pano ndi woyembekezera. Achibale a kuchimuna agawikana. Ena akuti wachisanuyu ndi wamwamuna basi, mzere watalika kale. Ena akuti mimba ya mayiyo ndi ya akazi okhaokha, asadzivute. Okondwa ndi agogo akuchikazi, amene anabwera kuchokera kumudzi ndi thumba la ufa ndipo sakuona vuto lililonse. "Mbumba ikukula, inu mukulira chiyani? Mudzi amamanga ndi ana aakazi."

Aprofesa anafunsidwa ali pampando, theka la mutu litalukidwa, moti kothawira kunalibe. Anati tiyerekeze kuti mwayi wa mwamuna ndi wa mkazi ndi wofanana, ngakhale kuti padziko lonse ana aamuna amachulukirapo pang'ono, pafupifupi 105 pa atsikana 100 alionse obadwa. M'banja la ana anayi, kabadwidwe kawo kakhoza kutsatizana m'njira 16. Akazi okhaokha ndi njira imodzi, amuna okhaokha imodzinso. Awiri uku awiri uku ndi njira 6. Zotsala 8 ndi za atatu mbali imodzi, mmodzi mbali inayo. Choncho banja la awiri ndi awiri, lomwe aliyense amaliyesa lachizolowezi, limapezeka mochepa kuposa la atatu ndi mmodzi. Ndipo m'dera la mabanja mazanamazana, banja la atsikana anayi silingasowe. Mwana wachisanu sawerenga azichemwali ake: mwayi wake ndi theka ngati wina aliyense.

Kawerengedwe kameneka, kofunsa kuti chinthu cha mbali ziwiri chigwera mbali imodzi kangati pa maulendo akutiakuti, ndiko binomial, ndipo kali m'buku la Jacob Bernoulli wa ku Basel lomwe linatuluka mu 1713, mwini wake atamwalira kale mu 1705. Amayi a musaluni za Bernoulli sizinawakhudze. Chimene chinaimitsa manja a oluka ndi mawu omaliza, akuti chimene chimasankha kuti mwana akhale wamwamuna kapena wamkazi ndi mbewu ya bambo.

"Tabwerezani, asisi."

Anabwereza.

"Aa! Ndiye akawauze alamu awowo, asiye kumulozaloza mnzathu."

Pofika Lachinayi uthenga unali utafika kale kwa alamuwo kudzera pa mjigo, ndipo akuti masiku ano akumangoti mwana ndi mwana.

Timu imodzi yokha

Nkhani yaikulu ili kushopu yobetchera. Lolemba lililonse m'mawa nyimbo imakhala imodzi. Mnyamata amatulutsa tikiti m'thumba, yopindika ndi thukuta, n'kuitambasula pa chishalo cha njinga. Magemu 10, asanu ndi anayi achongedwa ndi bolopeni, imodzi yazunguliridwa mwaukali mpaka pepala kubooka.

"Timu imodzi yokha, aise! Imodzi! Kugoletsa mphindi yomaliza!"

Anzake amapukusa mitu, wina n'kunena kuti tsoka silinunkha, wina kuti pali munthu amene akumuchita. Onse amagwirizana kuti anatsala pang'ono, ndiye sabata ino asafooke.

Aprofesa anatenganso katoni yawo. Anati tiyerekeze kuti gemu iliyonse mwayi woilosera molondola ndi theka. Magemu 10 akhoza kugwa m'njira 1,024. Yolondola onse ndi imodzi yokha. Zophonya gemu imodzi zilipo 10, chifukwa yoipitsayo ikhoza kukhala yoyamba, yachiwiri, mpaka yachikhumi. Ndiye kuti pa munthu mmodzi amene akuseka, pali anthu 10 amene akulira kuti timu imodzi yokha, osawerengera khamu la amene aphonya zambiri n'kungokhala chete. Kulira kumeneku si chizindikiro choti zako zayandikira. Ndi mmene tikiti ya magemu ambiri imakhalira.

Mnyamata wina wa kabaza anati iye sabetcha mwachisawawa, amasankha matimu akuluakulu okhaokha. Anayankhidwa kuti chabwino, tiipatse timu iliyonse mwayi wa 80 pa 100. Kuti zonse 10 zipambane, mwayi umatsikira pa 11 pa 100. Kuti imodzi yokha ikuphere tikiti, uli pa 27 pa 100. Gemu iliyonse imene ukuwonjezera kuti ndalama ikule ikudulanso mwayi wako. Madala a ludo aja, amene anali atabwera kudzamvera, anangoti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Kenako panafika nkhani ya maodzi, ndipo apa phokoso linachepa. Ngati zinthu ziwiri zili ndi mwayi wofanana, malipiro oyenera ndi 2.00: waika K1,000, ukapambana utenge K2,000. Koma wobetchetsa ali pa bizinesi, ndiye tinene kuti waika 1.90. Theka la maulendo utenga K1,900, theka lina sutenga kanthu. Ukagawa, K1,000 iliyonse ikubweza K950. K50 yatsala kwa eni shopu, ndipo pa gemu imodzi suimva kuwawa. Ukalumikiza magemu 10 otere, tikiti imalonjeza ndalama zoposa pang'ono K613,000, manambala okongola kwambiri. Koma poti mwayi wake ndi 1 pa 1,024, malipiro oyenera akanakhala K1,024,000. K1,000 yako pamenepo ikubweza pafupifupi K600 basi.

Kondakitala wina sanagonje. "Zimenezo ndi za m'buku, asisi. Mlamu wa mnzanga anawina, anagula njinga yamoto. Ndinaikwera ndekha."

Aprofesa anavomera kuti opambana alipo, ndipo ayenera kukhalapo, apo ayi palibe akanabetcha. Anangomupempha kuti asuzumire m'ngalande ya kutsogolo kwa shopu. Muli timapepala toyera tong'ambika pakati, tina tonyowa, tina tatsopano, tosakanikirana ndi makoko a nzimbe. Wa njinga yamoto aliyense akumudziwa dzina. Eni timapepalato palibe amawawerenga.

Ena anabweretsa mboni zina. Nanga Leicester City, imene inatenga ligi ya ku England mu 2016 pomwe obetchetsa anaipatsa 5,000 kwa 1? Nanga Flames, imene inakwapula Algeria 3-0 ku Luanda mu Januwale 2010, Algeria yomwe inali itapeza kale malo ku World Cup? Masamu anali kuti tsiku limenelo? Yankho linali loti analipo: chinthu chosowa chili ndi mzere wake patebulo, kungoti nambala ya pambali pake ndi yaing'ono. Chifukwa chake mpaka lero tikuzikumbukira ndi choti sizichitika Loweruka lililonse.

Mkulu wina wa mpingo, amene amadutsa pashopupo atayang'ana kumbali, anamva kuti masamu amenewa anakula chifukwa cha makalata amene Blaise Pascal ndi Pierre de Fermat analemberana mu 1654, pofuna kuyankha funso la wotchova njuga wina wotchedwa Chevalier de Méré: masewero akadukira panjira, ndalama zimene zaikidwa zigawidwe bwanji? "Ndinadziwa," anatero mkuluyo. "Mtengo woipa." Atauzidwa kuti Pascal yemweyo chakumapeto kwa chaka chomwecho anatembenukira kwathunthu ku zachipembedzo, anaganiza pang'ono n'kunena kuti ndiye anaona yekha kuti zinali zoipa. A ludo funsolo analikonda, chifukwa kwa iwo si lachilendo: gemu yawo imadukira panjira mvula ikayamba kapena mayi a kunyumba akatulukira pakona.

Wometa ndi akavalo

Wometa wathu dandaulo lake ndi lakale. Ola lina amakhala akubaya foni, mpando uli wokha. Ola lotsatira anthu asanu ndi mmodzi ali pabenchi, wina akuyang'ana wotchi, wina akunyamuka kupita kwa mnzake wa kutsidya kwa msewu. Iye amakhulupirira kuti makasitomala amapangana.

Anauzidwa kuti anthu obwera payekhapayekha, wina osadziwa za mnzake, sabwera motalikirana bwinobwino. Ngati pa ola amameta anthu atatu tikagawa, ola lobwera anthu atatu ndendende limapezeka maulendo 22 okha pa 100. Maola 5 pa 100 sikubwera munthu, ndipo maola 8 pa 100 kumabwera asanu ndi mmodzi kapena kuposa. Kawerengedwe aka kali ndi dzina la Siméon Denis Poisson wa ku France, amene anakalemba mu 1837. Kamagwira ntchito pa zinthu zowerengeka zimene zimachitika apo ndi apo: makasitomala pa ola, mafoni olowa pa mphindi, ngakhale zigoli pa gemu. Timu yogoletsa 1.5 pa gemu tikagawa imatuluka m'bwalo osagoletsa pafupifupi maulendo 22 pa 100, osewera ali omwewo, kochi yemweyo, popanda wothira mankhwala pagolo.

Chimene chinasangalatsa benchi yonse ndi nkhani ya akavalo. Mu 1898 Ladislaus Bortkiewicz anasindikiza chiwerengero cha asilikali a ku Prussia amene anafa atamenyedwa theche ndi kavalo pakati pa 1875 ndi 1894. Potenga magulu 10 a asilikali pa zaka 20, pamakhala malipoti 200 a pachaka, ndipo onse pamodzi anali ndi imfa 122. Malipoti 109 analibe imfa, 65 anali ndi imodzi, 22 anali ndi ziwiri, atatu anali ndi zitatu, limodzi linali ndi zinayi. Masamu a Poisson amalosera 109, 66, 20, 4 ndi pafupifupi 1. Palibe kavalo anaphunzira masamu, ndipo palibe akanadziwa msilikali amene theche limupeze. Koma akavalo onse pamodzi anatsatira tebulo.

Wometa anazimitsa makina, kasitomala ali ndi theka la tsitsi. "Nanga kumapeto kwa mwezi? Nanga sukulu zikamatsegulidwa? Nanga magetsi akazima?" Aprofesa anavomera kuti pamenepo wometa walasa: masiku amenewo anthu ali ndi chifukwa chimodzi chobwerera kapena chosabwerera, ndiye nambala ya atatu pa ola ija siigwiranso, pafunika ina. Kuyambira tsiku limenelo wometa akuuza aliyense wokhala pampando kuti anagonjetsa wa ku yunivesite.

Zing'onozing'ono zapanjira

Pa tiyirumu anthu anatsala pang'ono kugwirana malaya chifukwa cha masiku obadwa. Akuti Maule ndi Manoma akakumana pa Kamuzu Stadium, m'bwalo mumakhala osewera 22 ndi woyimbira, onse 23, ndipo mwayi woti awiri mwa iwo amakondwerera tsiku lobadwa limodzi umaposa theka pang'ono. Wogulitsa tiyi anati bodza limenelo ndi la masana, chaka chili ndi masiku 365. Koma funso si loti wina afanane ndi iwe. Aliyense akhoza kufanana ndi aliyense, ndipo anthu 23 ukamawaika awiriawiri pamatuluka magulu 253. Pa anthu 30 mwayiwo umafika 70 pa 100. Akwaya alonjeza kuti Loweruka akayesa, ngati amayi avomere kutchula tsiku ndi mwezi wokha osafunsidwa chaka.

Mwana wina wa Sitandade 8 anali ndi njira yake ya mayeso osankha yankho: kulemba C paliponse. Anamuwerengera kuti pa mafunso 10 a mayankho anayi, kulotera kumapereka 2.5 tikagawa, mwayi wofika theka ndi 8 pa 100, ndipo wolondola onse ndi 1 pa 1,048,576. Mwanayo anafunsa ngati B ili bwinoko.

Amayi a chiperegano nawo anali ndi mlandu. Alipo 12, ndipo pofuna kudziwa woyamba kulandira amalemba manambala pa timapepala, kutipinda, n'kutiika m'mbale yophimba ndi chitenje. Chaka chilichonse pamakhala kukankhana, aliyense kufuna kutola koyamba nambala 1 isanapite. Anauzidwa kuti woyamba mwayi wake ndi 1 pa 12. Wachiwiri amafunika kuti woyamba aphonye, zomwe zimachitika maulendo 11 pa 12, kenako iye atole pakati pa timapepala 11, ndipo ukachulukitsa umapezanso 1 pa 12. Mpaka womaliza, amene satola koma kungolandira chotsala, ndi chimodzimodzi. Mayi wina anadikira onse akhale chete n'kufunsa kuti nanga ngati amene amapinda timapepalato amapinda nambala 1 mothina kuposa tinzake, zala zake n'kumaidziwa? Aprofesa anati imeneyo si nkhani ya masamu, ndi ya komiti. Alembi a gululo akuti kuyambira tsiku limenelo mutu ukuwawawa.

Kampani yatsopano

Phunziro limene anyamata a pasiteji atolapo si limene makolo awo ankayembekezera. Aona kuti amene akudziwa tebulo ndiye amadya, ndiye akuti m'malo mosiya kubetcha ayambitse shopu yawoyawo. Anasonkha K80,000 n'kupita kwa Aprofesa kuti akhale mlangizi.

Anawafunsa kuti sabata yoyamba munthu mmodzi akabwera ndi tikiti ija ya K613,000, amulipira ndi chiyani? Phindu la wobetchetsa limaoneka pa matikiti masauzandemasauzande, pomwe mwayi wa uyu ndi tsoka la uyo zimafafanizana n'kutsala ka K50 kaja kochulukitsidwa. Ndi zimene Bernoulli anatsimikiza m'buku lake lija: maulendo akachuluka kwambiri, zochitika zimayandikira zimene tebulo likunena. Pa matikiti makumi awiri, mwini shopu naye akungotchova njuga ngati makasitomala ake. Anawakumbutsanso kuti bizinesi imeneyi imafuna chiphaso cha boma.

Za chiphasozo anati aziona kutsogolo. Chimene chawaimitsa panopa ndi choti asunge ndalama ndani, poti aliyense akumudziwa mnzake. Agwirizana kuti achite maere, timapepala alemba kale, chipewa chapezeka. Pamene tikulemba pano msonkhano walowa tsiku lachitatu, ndipo akukanganabe kuti ayambe kutola ndani.